Hilux ya 5L yofooka pa chitunda: ntchito yomwe ndagwira ndisanaike turbo

2 Ogasiti 2025

Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya single cab, 4x4, injini ya dizilo ya 5L, ija ya 2,986 cc yopanda turbo. Ndinaigula zaka zinayi zapitazo kwa mlimi wina, ndipo ndi imene ikutidyetsa pakhomo pano ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Katatu pa sabata ndimanyamuka usiku kupita ku Mutoko, mtunda woposa makilomita 140, kukatenga tomato wa azimayi ogulitsa pa Mbare Musika. Popita ilibe mlandu chifukwa kumbuyo kumakhala mabokosi opanda kanthu. Nkhani ili pobwera.

Pali chitunda china mukayandikira Murehwa chimene ndimayezerapo mphamvu za galimotoyi. Ndi katundu, ndimachiyamba pa giya 4, pakati ndatsika pa 3, ndipo pamwamba GPS ya pafoni imaonetsa liwiro la makilomita 45 pa ola. Kumbuyo utsi uli tolotolo, makombi (maminibasi a kuno) akundiimbira mahutala. Mu Disembala tili ndi ulendo wa ku Thyolo kukamanga chiliza cha agogo, kudzera pa Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza, ndipo sindikufuna kukachita manyazi pa mtunda wa ku Zobue nditanyamula abale ndi katundu wawo.

Ndasunga $1,500. Maganizo anga anali amodzi basi: turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wochuluka mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Lero ndinapita ku Dzivarasekwa kukauza amalume, amene anakalambira pa injini za malole ku Southerton asanapume. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mphwanga, munthu wodwala malungo sum'patsa khasu lalikulu. Ubwere nayo Loweruka tiiyeze kaye." Ndinabwerako nditakhumudwa pang'ono, ndisaname.

9 Ogasiti

Tinayamba ndi compression, mphamvu imene mapisitoni amapanikizira mpweya m'masilinda, kuyezera pa mabowo a ma glow plug injini ili yotentha. Zinatuluka 29, 28, 30 ndi 27 kgf/cm². Buku la injinizi limati yabwinobwino izifika 32, isatsike pansi pa 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Ndiye kuti mapisitoni ndi maring'i akadali ndi moyo. Zikanakhala kuti silinda imodzi yagwa, nkhani ya turbo ikanathera pomwepo.

Sefa ya mpweya inandichititsa manyazi. Ndakhala ndikuipopera ndi kompuresa m'malo mogula ina, mpaka pepala linang'ambika m'mbali, pomwe pakati linali litatsekeka ndi fumbi la m'minda ya ku Mutoko. Yatsopano $18.

Kenaka amalume anazungulira galimoto n'kuima pa tayala, kulimenya ndi phazi. Mwini wake woyamba anaika matayala a 265/75R16 pa malimu onenepa, ndipo kunena zoona ndi amene anandikopa tsiku logula. Kufakitale inatuluka ndi 205R16C. Tinatenga pepala: 205R16C ndi pafupifupi mamilimita 734 kuchoka pansi kufika pamwamba, 265/75R16 ndi 804. Kusiyana kwake n'koposa 9 pa 100 iliyonse. Kuti tidziwe saizi ya difu, magiya a pakati pa matayala akumbuyo, tinakweza tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, linalo lili pansi, giya ili pa fulii, n'kulemba choko pa tayala ndi pa propshaft, chitsulo chachitali chozunguza difuyo. Ine ndikuzunguza tayala, amalume ali chagada pa katoni kuwerenga. Tayala litazungulira ka 20, propshaft inazungulira ka 43. Poti linkazungulira tayala limodzi lokha, ka 20 ako timakawerenga ngati ka 10, ndiye difu ndi ya 4.3. Koma ndi matayala akuluwa, injini imamva ngati ikukoka difu ya 3.9. Zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikukwera zitunda ndi giya yolemera kuposa imene Toyota anaikonzera.

Chinanso chomwe chinatulukira pamenepa: wotchi ya makilomita imaba. Ikalemba 100, galimoto yayenda pafupifupi 109. Ndimadandaula kuti lita imodzi ikundipatsa makilomita 8, pomwe zenizeni anali pafupifupi 8.8.

23 Ogasiti

Ma injector anayi, opopera dizilo m'masilinda, tinawatengera kwa anthu a mapampu a dizilo ku Graniteside. Ndinapempha kuti ndionerere pomwe akuwayeza, ndipo aliyense wopita kumeneko azipempha zimenezi. Amamangirira injector pa kapampu kamanja kokhala ndi geji, n'kumapopa. Yabwino imalira kuti "tsiii" n'kutulutsa dizilo ngati nkhungu. Mwa anayi angawo, atatu ankatseguka cha m'ma 120 pomwe amayenera kutseguka pakati pa 145 ndi 155 kgf/cm², ndipo wachinayi sankapopera n'komwe, ankangodontha ngati mpopi wakutha. Utsi wakuda uja unkachokera apa. Manozo anayi atsopano pamodzi ndi ntchito yake, $140. Pampu yeniyeniyo anati ilibe vuto, anangokonza timing yake itabwerera pa galimoto, $40.

Mavavu a 5L sakhala ndi sikulu yosinthira, amayendera ma shim, tizitsulo tozungulira ngati ndalama tosiyana kukhuthala. Injini itazizira, a mpweya wolowa amafuna mpata wa 0.20 mpaka 0.30 mm, a ekizozi 0.40 mpaka 0.50. Awiri a ekizozi tinawapeza pa 0.30. Kupeza ma shim a saizi yoyenera kunandiyendetsa Kaguvi Street yonse, shopu ndi shopu, mpaka ndinakawapeza ku Gazaland kwa munthu wophwasula injini zakale, amene anakhuthula chitini chodzaza pa thumba la simenti kuti tisankhe ndi micrometer. $30.

Lamba wa timing ndimaganiza kuti akadali ndi makilomita 5,000, poti wotchi imaonetsa kuti wayenda 95,000 ndipo ndinkafuna kumusintha pa 100,000. Titakumbukira za wotchi yakuba ija, tinapeza kuti wapitirira kale 104,000. Lamba ameneyu akaduka, mapisitoni amawomba mavavu. Tinasintha pamodzi ndi tensioner yake, $120.

Maulendo awiri a ku Mutoko anandipita sabata imeneyi, ndipo azimayi a tomato aja anakwera lole ina. Ndalama imeneyo sindinailembe m'kabuku, koma inapweteka. Pa chitunda chija tsopano ndikumafika pamwamba pa 50, giya 3 yomweyo, utsi wachepa kwambiri.

6 Sepitembala

Apa ndiye ndinadzipweteka ndekha.

Titatsegula kuti tione za madzi, tinapeza kuti thermostat, kavavu kotsegulira madzi kupita ku redieta injini ikatentha, mulibe. Kuno anthu ambiri amaichotsa poganiza kuti injini izizizira bwino m'nyengo yotentha. Pa injini za mtundu wa L si nkhani yoseweretsa, chifukwa hedi yake ikatenthedwa imang'aluka, ndipo za 2L-T, m'bale wake wa 5L wokhala ndi turbo, zinatchuka nazo zimenezi. Ndinagula thermostat ya $10 yopanda bokosi kwa mnyamata wina wa pamsewu, n'kuiika Lachiwiri madzulo osaiyesa.

Lachinayi m'bandakucha, nditadutsa pa Juru ndi tomato wodzaza, ndinamva kafungo ka madzi otentha. Muvi wa geji, umene zaka zonsezi sunachokepo pakati, unali ukuthamangira kofiira. Ndinapatuka, ndinazimitsa. Paipi yopita ku redieta ndi ina yochokerako zinali zosiyana ngati moto ndi madzi. Ndinadikira ola lathunthu mumdima, azimayi awiri amene ndinali nawo kutsogolo atafunda zitenje osayankhula, ndipo kusayankhula kwawoko kunaposa kutukwana. Ndinachotsa thermostat ija ndi tochi ya foni pakamwa, n'kuthira madzi akumwa onse amene tinali nawo. Pa Mbare tinafika dzuwa litakwera, ogula ambiri atapita kale.

Kunyumba ndinatenga poto wa mayi a ana, n'kuponyamo thermostat ija m'madzi pa mbaula. Madzi anawira mpaka kubwadamuka, iyo ili duu, osatseguka ngakhale pang'ono. Ndinagula ina ya $28, m'bokosi lake, ndipo iyi ndinaiphika kaye: inayamba kuyasama madzi asanawire. Poto uja anandiletsa kumubweza kukhitchini, panopa ndimatsukiramo mabawuti.

Mwayi wake hedi inapulumuka. Takhala tikuyang'ana masiku onsewa, mu redieta mulibe thovu ndipo madzi sakutsika. Redietayo tinaitsegulitsa, ndipo timachubu tambiri tinali titatsekeka ndi zoyera za madzi a pachitsime amene ndakhala ndikuthira. Tinaikamo core yatsopano ya mizere itatu, $160. Fani ya viscous inkazungulira ndi chala chimodzi injini ili yotentha, kusonyeza kuti mafuta ake a silicone anatha. Amalume anaitsegula n'kuthira ena, $12. Mapaipi awiri $25, coolant $20. Kuphatikiza thermostat yotayika ija, gawo ili ladya $255, ndipo chiyambire ndawononga $603.

20 Sepitembala

Njira zinali ziwiri: kusiya matayala akulu n'kusintha difu, kapena kubwerera ku matayala a kufakitale. Kuti difu igwirizane ndi 265/75R16 pamafunika ya cha m'ma 4.7, ndipo za Toyota zoyandikira ndi 4.556 ndi 4.875. Koma galimoto ya 4x4 ili ndi madifu awiri, ndipo ayenera kufanana. Ukasintha yakumbuyo yokha, tsiku lomwe udzalowetse 4x4 matayala akutsogolo ndi akumbuyo adzakanganirana liwiro mpaka china chidzathyoke. Madifu awiri ndi munthu wodziwa kuwatchera bwino zikanatha ndalama yonse yotsala.

Ndinagula matayala anayi a 205R16C pa $105 limodzi, ndi malimu achitsulo akale anayi pa $80. Akale aja ndi malimu ake anagulidwa ndi mnyamata wa ku Glen View pa $300, ali wosangalala ngati mmene ndinalili ine zaka zinayi zapitazo. Chotuluka m'thumba, $200.

Galimoto ikuoneka yowonda miyendo, ndipo alamu anga akuti yafanana ndi ya boma. Koma pa zonse zimene ndachita, kusintha uku ndiye ndinakumva m'mpando. Ponyamuka pa maloboti ndi katundu sindikuseweretsanso klatchi. Chitunda cha ku Murehwa ndachikwera pa giya 4 mpaka pamwamba, GPS ikuonetsa 58.

4 Okutobala

Sabata ziwiri zokha ndikusangalala, klatchi inayamba kuterereka. Pa giya 4 ukaponda, injini ikulira kukwera koma liwiro lili pomwepo, kenaka kafungo kopserera. Amalume akuti inali itatha kale ndi matayala akulu aja, kungoti injini yofooka inkaibisa.

Kutsitsa giyabokosi ya 4x4 pamodzi ndi transfer yake pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, popanda dzenje, ndi ntchito ya amuna atatu ndi jeke ziwiri. Mkati tinapeza mbale yatha mpaka pa ma rivet, ndiponso yanyowa oyilo wochokera pa seal yakumbuyo kwa crankshaft. Flywheel, chitsulo chozungulira chimene klatchi imagwira, inali ndi mabanga abuluu a moto.

Cholakwa changa: ndinagula klatchi Lachisanu, tisanatsitse yakale, pofuna kuti Loweruka ntchito ithe tsiku limodzi. Wogulitsa analumbira kuti "Hilux zonse ndi imodzimodzi". $95, popanda lisiti. Titaiyerekeza pa flywheel, mabowo a pressure plate sanakumane ndi a mabawuti. Nditaibweza anati bokosi ladetsedwa ndi girizi, salandira. Ili m'nyumba pansi pa bedi, wofuna andiuze, ngakhale sindikudziwa kuti ndi ya galimoto yanji.

Lolemba ndinanyamula yakale m'thumba la saka, n'kukaiika pa kauntala ya shopu ina kuti tifananize bowo ndi bowo. Ya Exedy, $175. Kupala flywheel ku Workington $30, seal $15, pilot bearing $8. Ndinafunsa za klatchi yolimba kwambiri, ya heavy duty, poganizira turbo yam'tsogolo. Amalume anakana. Akuti giyabokosi ya G52 imene ili kumbuyo kwa 5L si yamphamvu ngati R151 ya ma Hilux a KZ-TE, ndipo ndi bwino klatchi izikhala yoyamba kugonja kusiyana ndi magiya. Pa mfundo iyi sindinakhutire kwenikweni, chifukwa kutsitsanso giyabokosi ija sindikukulakalaka, koma ndinawamvera. Zonse pamodzi tsopano $1,126.

18 Okutobala

Geji ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi pomwe ukutuluka mu injini, $65. Tinachotsa manifold, chitsulo chosonkhanitsa utsi wa m'masilinda, kuti tiboole pabwino, ndipo stud imodzi inadukira mu hedi. Wowotcherera anabwera n'kuwotcherera nati pa chidutswacho, chinatuluka, $15. Amene mukufuna kuchita zimenezi, yambani kuthira mafuta ofewetsa dzimbiri masiku atatu zisanachitike, osati m'mawa womwewo ngati ine.

Kageji aka kandiphunzitsa kuyendetsa galimoto imene ndimaganiza kuti ndimaidziwa. Pamsewu wosalala ndi katundu kamakhala cha m'ma madigiri 400. Pa chitunda chija, giya 4 imene ndimanyadira ija, phazi lili pansi, kanafika 640. Ulendo wotsatira ndinatsika pa giya 3 msanga injini n'kumazungulira momasuka: 560, ndipo pamwamba ndinafika mochedwa ndi masekondi ochepa chabe. Muvi wa madzi nthawi yonseyi sunasunthe. Malire amene ndadziikira ndi 650.

Ndiulule china. Lachitatu, amalume kulibe, ndinamasula loko ya sikulu ya mafuta pa pampu n'kuipotoza kota, monga amachitira anyamata a makombi. Mutauni inkamveka yaukali ndithu. Pa chitunda geji inadutsa 700 ndisanafike n'pakati pomwe, utsi uja wabwerera, ndinachita kuchotsa phazi. Liwiro silinasinthe kwenikweni. Chifukwa chake n'chosavuta: Harare ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,490 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 pa 100 iliyonse. Injini yopanda turbo imakoka umene ulipowo basi. Dizilo wowonjezera alibe mpweya woti apse nawo, amangosanduka utsi ndi moto pa mapisitoni. Ndinali nditalemba chizindikiro ndi penti ndisanapotoze, choncho ndinabwezera pomwe inali. Amalume anaona penti ija Loweruka, anandiyang'ana, sananene kanthu.

1 Novembala

Tinakhala pakhonde ku Dzivarasekwa ndi kabuku, kuwerengera za mphamvu zowonjezera zenizenizo.

Njira imene ndimaikonda ndi kuika turbo pa 5L yomweyi. Manifold ndi turbo ya CT20 zochokera pa 2L-T zimakwana chifukwa injinizi ndi za banja limodzi. Pamafunika paipi yobweretsa oyilo ku turbo, ina yobwezera mu sump, zomwe zikutanthauza kutsitsa sump n'kuiboola, mapaipi a mpweya, ekizozi yokulirapo, geji ya boost (mphamvu ya mpweya umene turbo ikukankha), ndi kutcheranso pampu, makamaka kuiika boost compensator kuti izionjezera dizilo pokhapokha mpweya wachuluka. Vuto ndi loti 5L ili ndi compression ya 22.2:1, yokwera kuposa ya injini zimene zinabadwa ndi turbo, ndiye boost iyenera kukhala yochepa. Tagwirizana 0.4 bar, osapitirira 0.5. Chonditonthoza n'choti pa 0.4 ameneyo, pafupifupi 0.16 akungobweza mpweya umene kukwera kwa Harare kunatilanda. Koma amalume anandikumbutsa mbali inayo: Tete ali pansi m'chigwa cha Zambezi, mpweya ndi wolemera komanso kumatentha koopsa. Boost yomweyo imene ili yofatsa ku Mufakose, ku Tete injini idzaimva kwambiri. Amene anandiuza mtengo wa ntchito yonse, ndi turbo yokonzedwanso bwino, sanatsike pa $1,100.

Njira ina ndi kuchotsa 5L n'kuika 1KZ-TE, ya malita atatu yobadwa ndi turbo. Mphamvu zake n'zosakayikitsa, koma imabwera ndi kompyuta ndi mawaya ake, imafuna giyabokosi yake, ndipo nayonso hedi yake imadziwika ndi kung'aluka ikatenthedwa. Injini yochokera kunja sudziwa kuti inakhala bwanji kwa mwini wake. Kuwonjezera apo, nambala ya injini ili m'buku la galimoto, ndiye pamafunika chikalata cha apolisi a Vehicle Theft Squad ku Southerton ndi kukasinthitsa ku CVR, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto. Wodutsa malire a mayiko awiri ngati ine sangazengereze nazo zimenezo, chifukwa nambala ikasiyana ndi ya m'buku ulendo ukhoza kuthera pa Nyamapanda.

Za Lexus V8, 1UZ ya petulo imene anyamata ambiri akuika m'ma Hilux, tinangoseka. Kulira kwake n'kokoma, koma tomato sangalipire petulo wake.

Panalinso funso limene amalume anafunsa ine osaliyembekezera: kodi mabokosi amene ndimanyamula amalemera bwanji? Galimotoyi ndi ya tani imodzi. Sindinayezepo, koma masipuling'i akumbuyo amagona chafufumimba, ndipo tonse awiri tikudziwa tanthauzo lake. Turbo ikabwera ndidzafuna kuonjezera mzere wina wa mabokosi, mabuleki ali omwewo.

15 Novembala

Kunjenjemera kumene kunayamba pa liwiro la 80 titabwezera giyabokosi kunali kwa zinthu ziwiri. Propshaft tinaibwezera osatsata zizindikiro, poti tinaiwala kulemba tisanaichotse, ndipo ma universal joint awiri anali ndi mpata. Atsopano $44, okhala ndi ponyonyera girizi. Kunjenjemera kwatha.

Chiyambire Ogasiti ndawononga $1,250. Pa $1,500 ya turbo ija kwatsala $250, ndipo $105 mwa zimene zapitazo ndinangotaya pa thermostat ndi klatchi zolakwika. Wotchi tsopano ikunena zoona, ndipo pa maulendo asanu ndi limodzi apitawa lita imodzi yandipatsa makilomita pakati pa 10 ndi 10.5 ndi katundu. Chitunda cha ku Murehwa ndikuchikwera pa giya 3 mwadala, diso pa geji.

Ku Thyolo tipita opanda turbo. Ndikalemba manambala a EGT pa mtunda wochoka ku Moatize kukwera ku Zobue, masana kukutentha, chifukwa ndi amene adzatiuze ngati injiniyi ili ndi malo olandirira boost. Dzulo ku Gazaland ndinaona manifold ya 2L-T pa $60. Nditaipukuta ndi nsanza ndinapeza mng'alu wopyapyala pakati pa silinda 2 ndi 3, ndinaisiya, ngakhale mwini wake anatsika mpaka $40. Loweruka likubwerali tikusintha oyilo wa madifu onse awiri ndi wa transfer, kenaka tichotse ma drum akumbuyo tione mabuleki.